Dziko lakhala mudzi umodzi, koma akudyerera ndani? Mafunso ndi mayankho kwa Amalawi a ku Joni

Mafunso ali m'munsiwa amabuka kawirikawiri pakati pa ife Amalawi okhala mu Johannesburg, kaya potuluka m'tchalitchi Lamulungu, kaya kumzikiti ku Mayfair Lachisanu, kaya podikira basi yopita kumudzi. Ena amachokera kwa ana athu a kusekondale amene akuphunzira za globalization kusukulu. Ndawayankha mmene ndikuionera nkhaniyi, ndipo mbali imene ndaima sindiibisa.

Kodi globalization n'chiyani kwenikweni?

Ndi kulumikizana kwa mayiko kumene kwafika poti katundu, ndalama, nkhani, luso ndi anthu zikudutsa malire mwachangu ndiponso mochuluka, mpaka zochitika kudziko lakutali zimafika m'thumba la munthu amene sanapondeko phazi.

Tengani foni imene mukuwerengerapo izi. Mwina anaipanga ku China, ndipo miyala ya cobalt ya mu batire yake inakumbidwa ku Congo. Inabwera pa sitima mpaka pa doko la Durban, kontena yake n'kukwera kudzafika ku City Deep, malo otsitsira makontena mu Johannesburg muno. Inu munaigula kwa mnyamata wa ku Pakistan kapena ku Bangladesh m'tauni muno. Madzulo mumaimbira amayi ku Mangochi pa WhatsApp, ya kampani ya ku America, iwo n'kuyankha pa netiweki ya Airtel, imene eni ake ali ku India. Mayiko onsewo alowa m'moni umodzi wa "mwaswera bwanji amayi".

Zimene zinafulumizitsa izi ndi makontena, amene anayamba kuyenda pa sitima mu 1956 n'kutsitsa mtengo wonyamulira katundu, kenako intaneti ndi mafoni. Koma palinso malamulo amene anthu anakhala pansi n'kulemba: bungwe loona zamalonda padziko lonse la WTO linayamba mu 1995, mayiko a SADC anatsegulirana misika mu 2008, ndipo kuyambira 1981 Malawi wakhala akulandira ngongole za World Bank ndi IMF zokhala ndi mfundo zoti atsegule msika wake. Mbali ya malamuloyi muisunge, chifukwa ndi imene imanena amene adye ndi amene aonerere.

Zinayamba liti? Si za masiku ano a intaneti?

Ayi. Chimanga chimene timati ndi moyo wathu chinachokera ku America, pamodzi ndi chinangwa, mtedza, mbatata, tomato ndi fodya. Zinafika ku Africa kuno kudzera m'malonda a panyanja zaka mazana angapo zapitazo. Agogo athu akalekale ankadya nsima ya mapira ndi mawere.

Mzinda uno nawo ndi mwana wa malonda a dziko lonse. Golide atapezeka mu 1886, ndalama zokumbira zinachokera ku London ndi mizinda ina ya ku Ulaya, pamene manja okumba anachokera ku Mozambique, ku Lesotho, ku Nyasaland, ndipo pakati pa 1904 ndi 1910 anabweretsa ngakhale anthu oposa 60,000 a ku China. Wenela, bungwe lolembera migodi antchito, inkalemba amuna kumidzi ya kwathu n'kuwatumiza kumigodi, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi a m'migodi ya dziko lino la South Africa anaposa 100,000. Ena anabwerera ndi njinga, wailesi ndi jekete. Ena anabwerera ndi chifuwa chosatha. Ena sanabwerere n'komwe, ndiwo matchona aja amene mabanja ambiri a ku Nkhata Bay, ku Mzimba, ku Dedza ndi ku Ntcheu amawatchulabe.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchitoyo. Inadzayambiranso pang'ono kudzera ku Theba, bungwe limene linalowa m'malo mwa Wenela, n'kutheratu cha m'ma 1988 pa mkangano woyeza anthu kachilombo ka HIV. Ndiye tikamakwera basi pa Wenela mu Blantyre lero, tikuyenda m'mapazi a agogo athu. Kusiyana kwake n'koti iwo ankabwera ndi kontilakiti ndi chitupa, ife timabwera tokha.

Tisaiwalenso kuti si thukuta lokha limene tinabweretsa. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, ndi amene anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula n'kukhala gulu lalikulu zedi la anthu akuda m'dziko muno pa nthawiyo.

Ubwino wake ndi wotani kwa munthu wamba?

Ndiyambe ndi umene suonekera pa shelefu ya sitolo. Amene tinalipo m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira maliro a tsiku ndi tsiku, ndi mashopu a mabokosi amene anadzaza m'mbali mwa misewu. Mankhwala otalikitsa moyo analipo kale ku Ulaya ndi ku America, koma mtengo wake unkaposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku India inati ingathe kuwagulitsa pa madola 350. Chaka chomwecho makampani 39 a mankhwala amene anasumira boma la South Africa ku khoti la ku Pretoria, pofuna kuletsa mankhwala otchipa, anaisiya nkhaniyo chifukwa anthu padziko lonse anawadzudzula. Pofika 2004 Malawi anayamba kupereka ma ARV aulere ndi thandizo la Global Fund. Lero pali agogo akulera zidzukulu amene tikanawaika m'manda zaka makumi awiri zapitazo. Mankhwalawo anapangidwa ku India, ndalama zinasonkhedwa ku mayiko ena, mkokomo wa zionetsero unamveka kuyambira ku Soweto mpaka ku New York. Kumeneko ndiye kulumikizana kumene ndimakuyamikira ndi mtima wonse.

Ubwino wina timauona mwezi ndi mwezi. Bambo wogwira ntchito ya m'dimba ku Randburg akalandira malipiro Lachisanu, amatumiza pa Mukuru kapena Hello Paisa, ndipo dzuwa lisanalowe mkazi wake ku Machinga walandira uthenga pa foni. Kale ndalama zinkayenda mu emvulopu ndi munthu, n'kutha milungu m'njira, nthawi zina osafika. Malata ambiri amene akung'anima ku Mzimba ndi ku Mangochi ndi a randi. Fizi ya ana, feteleza, kamagetsi ka sola ka padenga, zonsezo zadzera njira yomweyi. Ngakhale maliro, amene walephera kupita amaonera pa vidiyo mwambo wonse mpaka kumanda.

Nanga bwanji katundu amadutsa pa malire mosavuta, koma munthu amavutika chonchi?

Funso ili ndi limene lili pamtima pa nkhani yonse. Imani pa Beitbridge muone. Mathiraki odzaza zakudya, zitsulo ndi zakumwa za ku Gauteng amalowera kumpoto, ndipo ambiri mwa katunduyo salipira msonkho wolowera chifukwa cha pangano la SADC. Ndalama za mabanki ndi za makampani ndiye siziima n'komwe pa mzere, zimadutsa pa kompyuta. Koma mayi wa ku Zomba amene akudzagwira ntchito ya m'nyumba amadindiridwa masiku osaposa 30 a ulendo wongocheza, opanda chilolezo chogwira ntchito. Akapitirira masikuwo amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena mpaka zaka zisanu. Akagwidwa, njira yake ndi ya ku Lindela ku Krugersdorp, kumene amasungako alendo oti abwezedwe kwawo. Anzathu a ku Zimbabwe ndi ku Lesotho anapatsidwako zitupa zapadera zowalola kugwira ntchito. Amalawi sitinapatsidwe, ngakhale kuti Malawi anali ndi ubale wa ukazembe ndi dziko lino kuyambira 1967, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu la Lilongwe inachokera konkuno.

Malamulo analembedwa kuti atumikire amene ali ndi katundu ndi mpamba wogulitsa. Munthu wosauka chimene ali nacho chogulitsa ndi mphamvu za m'manja mwake basi, ndipo chimenecho ndi chimene malire amachikana. Zotsatira zake sikuti anthu amaleka kubwera. Amabwerabe, koma amafika opanda mapepala, ndipo munthu wopanda mapepala amavomera malipiro alionse, sadandaula, amagona paliponse. Moto umene unapha anthu 76 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023 unatenga ndi Amalawi omwe. Sanakakhale m'menemo chifukwa chokonda.

Ngati msika wa dziko lonse uli wotseguka, bwanji mlimi wa kwathu akusaukabe?

Chifukwa amagulitsa pa mtengo umene sanaike yekha, n'kugulanso pa mtengo umene sanaike yekha. Fodya ndi amene amabweretsa gawo lalikulu la ndalama zakunja ku Malawi. Mlimi amavutika naye kuyambira ku nazale mpaka kuchigafa, amanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, n'kukapeza ogula ochepa chabe, monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI, amene mizu yawo ili ku America ndi ku Japan. Phindu lenileni lili mu paketi ya ndudu, ndipo paketiyo imapangidwa kwina.

Alimi a nandolo a ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Zomba anazionera okha mu 2017. Analima kwambiri chifukwa amwenye ankagula pa mtengo wabwino. Dziko la India litakolola nandolo wake wambiri, linachepetsa wolowa kuchokera kunja, ndipo mtengo kwathu unagweratu. Munthu amene sanamvepo dzina la New Delhi anatsala ndi matumba m'nyumba. Mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya ku Australia, n'kuima mu 2014 mtengo utatsika pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, thumba la feteleza linakwera mpaka mlimi wa ku Kasungu kulephera kulifikira.

Palinso za eni makampani. Shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa ndi wa Illovo, imene mwini wake wamkulu ndi kampani ya ku Britain ya Associated British Foods. Fakitale ya mowa ya Carlsberg ku Blantyre, imene mu 1968 inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, inagulidwa ndi Castel ya ku France mu 2016. Makampaniwa amalemba anthu ntchito ndipo amakhoma misonkho, zimenezo sindikana. Koma phindu likagawidwa, gawo lalikulu limafuna kutuluka m'dziko ngati madola, madola omwewo amene tikuwasowa pogula mafuta ndi mankhwala.

Kwacha ikagwa mphamvu, ife otumiza marandi sitipindula?

Kwa milungu yochepa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole yatsopano. Randi yanu inasanduka makwacha ochuluka, inde. Koma simenti, mafuta ophikira, sopo ndi thiransipoti zinakwera mwamsanga, ndipo foni yochokera kumudzi inayamba kulira pakati pa mwezi m'malo mwa kumapeto. Dziko logula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndalama yake ikagwa, onse amalira, otumiza ndi olandira.

Katundu wotchipa wa ku China ndi kaunjika, ndi dalitso kapena tsoka?

Pitani ku Dragon City kapena ku China Mall ku Amalgam m'mawa wa Loweruka. Mupeza amayi a kwathu akutsitsa mtengo wa mabulangete, nsapato za ana ndi mapoto, foni ili m'manja akuwerengera kuti randi yagula makwacha angati lero, kwinaku akujambula katundu kutumizira kasitomala wa ku Area 25 kuti asankhe mtundu. Madzulo katunduyo amamangidwa m'zikwama zazikulu zamizeremizere, dzina ndi nambala zolembedwa pa tepi, n'kuperekedwa kwa transipota amene adutse naye pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza kapena pa Dedza. Mabanja ambiri akudya ndi bizinesi imeneyi, ndipo mwana amene kale akanayenda chosavala nsapato lero wavala. Sindingaime pamaso pa mayi ameneyu n'kumuuza kuti akulakwa.

Koma mtengo wake wina tinalipira. Malawi amalima thonje ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, ndipo tinali ndi fakitale ya nsalu ya David Whitehead imene inkalemba anthu masauzande. Msika utatseguka, mabelo a kaunjika ndi nsalu zotchipa zinasefukira, fakitaleyo inafooka mpaka boma kuigulitsa mu 2003. Ngakhale zitenje zambiri zimene timazinyadira pa zinkhoswe zimadindidwa kunja. Ndipo si ife tokha: mafakitale a zovala a ku Cape Town ndi ku KwaZulu-Natal anataya ntchito zambirimbiri pa chifukwa chomwechi, ndipo lero akulimbana ndi Shein ndi Temu, makampani ogulitsa katundu wotchipa wa ku China pa intaneti.

Eni dziko akamati alendo tikuwalanda ntchito, akunena zoona?

Ululu wawo ndi weniweni. M'dziko muno anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, ndipo kwa achinyamata ndiye n'zoopsa kuposa apo. Migodi ya golide imene inkalemba anthu miyandamiyanda inatsekedwa yambiri, mafakitale anachepa. Mnyamata wa ku Alexandra amaona nyumba zazitali za ku Sandton tsidya la msewu wa M1 tsiku lililonse, iye alibe kanthu.

Chimene ndikukana ndi kumene mkwiyowo ukuloza. Amene anatseka fakitale sakhala m'chisakasa cha ku Diepsloot. Amene amasankha kulemba munthu wopanda mapepala kuti amulipire theka ndi bwana, si wolembedwayo. Koma bwana ali kuseri kwa mpanda wamagetsi, mlendo ali khomo loyandikana. Mu Meyi 2008 zipolowe zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62, ndipo ena mwa iwo anali nzika za dziko lino. Mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake. Mu Seputembala 2019 zinabukanso m'tauni muno, ndipo kuyambira 2021 gulu la Operation Dudula lakhala likuthamangitsa alendo m'misika, mpaka pa zipata za zipatala. Osauka awiri amene onse apanikizidwa ndi msika umodzi akumenyana okhaokha.

Nanga chikhalidwe chathu ndi chilankhulo cha ana?

Ana obadwira kuno amalankhula Chizulu pabwalo, Chingerezi kusukulu, ndipo nthabwala zawo amazitenga pa TikTok. Akapita kumudzi pa Khirisimasi, ena amalephera kucheza ndi agogo awo. Zimenezi zimandiwawa. Komabe foni yomweyo ndi imene imatibweretsera wailesi za kwathu, maulaliki a m'Chichewa ndi mpira wa Bullets ndi Wanderers tili ku Cosmo City. Usipa, chambo chouma, mpunga wa Kilombero ndi ufa woyera zimafika ndi basi. Chilankhulo chimafera m'nyumba, makolo akasiya kuchilankhula kwa ana poganiza kuti akuwathandiza. Pamenepo pokha mphamvu ili m'manja mwathu, osati mwa WTO.

Matenda ndi kusintha kwa nyengo zikukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Ndege yonyamula alendo imanyamulanso matenda. South Africa atatseka zonse pa 27 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aganyu ambiri a kwathu anatsala opanda chakudya ndi lendi. Katemera atapezeka, mayiko olemera anayamba adzigulira okha. Akatswiri a kuno ndi a ku Botswana ataulula za mtundu wa Omicron mu Novembala 2021, malipiro ake anali kutsekeredwa maulendo, Malawi n'kuphatikizidwa momwemo. Za nyengo ndiye zimapweteka koposa: utsi wochuluka umatuluka m'mafakitale a mayiko olemera, koma namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anakokolola nyumba za ku Chilobwe, ku Phalombe ndi ku Mulanje, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa.

Bwanji osangotseka malire, aliyense adye zake?

Malawi alibe doko, alibe chitsime cha mafuta, ndipo feteleza ndi mankhwala ambiri amagula kunja kudzera ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam ndi ku Durban. Mu 2025 boma la Malawi litaletsa katundu wina wakunja pofuna kuteteza alimi ndi amalonda athu, Tanzania inabwezera poletsa mbewu za ku Malawi ndi kuopseza za katundu wodutsa m'dziko lake, ndipo posakhalitsa mbali ziwirizi zinakhala pansi kukambirana. Kutseka sikutheka.

Chotheka ndi kusankha zimene sitingazisiye m'manja mwa ena. Akuluakulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako. Njala ya 2002 inatipeza nkhokwe za boma zili zopanda kanthu chimanga chitagulitsidwa, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana kuti wolakwa kwambiri anali alangizi akunja kapena akuluakulu athu. Mu Januwale 2025 America itaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, mabungwe ambiri a zaumoyo kwathu ndi kuno anagwedezeka. Chakudya ndi mankhwala ndi zinthu zoti dziko lizidzisungira. Chotsatira ndi kuleka kugulitsa zosakonza: mtedza ukhale chiponde cha m'botolo, soya akhale mafuta, thonje likhale nsalu. Pangano la msika umodzi wa Africa yonse, limene linasainidwa ku Kigali mu 2018 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2021, lingatithandize pokhapokha tili ndi choti tikagulitse. Apo ayi, lidzangowonjezera mathiraki olowera kumpoto. Ndipo atsogoleri athu akamakumana mu SADC, nkhani ya zitupa za antchito wamba aziika patebulo monga amaikira ya misonkho ya katundu.

Ine ndili pa ganyu kuno ku Joni. Pali chimene chingandithandize lero?

Chilipo. Malamulo a ntchito a dziko lino amateteza wantchito aliyense, ndipo khoti la zantchito linagamula mu 2008 kuti ngakhale mlendo amene chilolezo chake chatha angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, akachotsedwa mopanda chilungamo. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka, amene mu Malichi 2025 anafika pa R28.79 pa ola, amakhudzanso ogwira ntchito za m'nyumba ndi za m'dimba. Sungani chilichonse cholembedwa: mapepala a malipiro, mauthenga a pa foni ochokera kwa abwana, tsiku limene munayamba ntchito. Lowani m'gulu la chipereganyu cha maliro, chifukwa kunyamula thupi kuchoka kuno kupita kumudzi kumafuna ndalama zimene banja limodzi silingazipeze tsiku limodzi.

Ngati bambo kapena agogo anu anagwirapo ntchito m'migodi ya golide kuyambira 1965, funsani kumudzi ngati mapepala awo a Wenela kapena a Theba alipo. Makampani akuluakulu a golide anavomera kulipira chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa amene anadwala chifuwa cha fumbi la m'migodi ndi TB, khoti linavomereza mu 2019, ndipo ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust. Ochokera ku Malawi nawonso akuyenera kulandira ngati anagwira m'migodi ya makampaniwo, ndipo ngati mwini wake anamwalira, mkazi wamasiye kapena ana angathe kulembetsa. Kulembetsako n'kwaulere, choncho wina akakuuzani kuti mumupatse kangachepe kuti akufulumizitsireni, musamupatse.